Asparagus, bonongwe, therere kapena kayera: ndiwo iti imene ingachite zimene thupi lanu likufuna?

Mauthenga otamanda asparagus afika pa mafoni a anthu ambiri kuno ku Chipata. Ena akuti amatsuka impso, ena akuti amatsitsa BP, ena akuti mayi woyembekezera asamamusowe pakamwa, ndipo alipo amene afika ponena kuti amachiza khansa. Koma mukazungulira Kapata Market kapena Saturday Market m'mawa, amayi atayala chiwawa, repu, therere ndi bonongwe, n'kovuta kumuona pamulu uliwonse. Womufuna amayang'ana m'masitolo akuluakulu, ndipo akasowa amatuma wina wopita ku Lusaka, ulendo wa makilomita oposa 550. Ndiye funso limene ndikufuna tiliyankhe bwinobwino ndi ili: pa zabwino zonse zimene masamba achilendowa amatamandidwa nazo, ndi ziti zoona, ndipo ndi ziti zimene sitingazipeze m'ndiwo zathu zomwezi?

Kwa amene sanamuonepo, asparagus si masamba kwenikweni. Chimene chimadyedwa ndi mphukira yanthete imene imatuluka m'nthaka kuchokera ku mizu yakale, yowongoka ngati kamphukira ka nsungwi, yonenepa ngati chala, yokhala ndi kamutu kosongoka. Ikasiyidwa osadulidwa imakula n'kukhala chitsamba cha timasamba tosalala tonga singano. Kwawo ndi ku Ulaya ndi madera ozungulira nyanja ya Mediterranean, ndipo masiku ano dziko limene limalima wochuluka kuposa onse ndi China, pomwe Peru ndi Mexico ndiwo amatumiza wambiri kunja. Alipo wobiriwira, wofiirira, ndi woyera amene amalimidwa mokwiriridwa ndi dothi kuti dzuwa lisamuone. M'tchire mwathu muli m'bale wake, katsitsimzukwa, kachitsamba kaminga kamene asing'anga amakumba mizu yake. Ndi a mtundu umodzi koma si chomera chimodzi, ndipo manambala onse amene nditchule pano ndi a wolimidwa uja, osati wa m'tchire.

Zimene amachitadi m'thupi

Tikatenga magalamu 100 a asparagus wosaphika, pafupifupi magalamu 93 ndi madzi. Mphamvu zake ndi makalori 20 okha, mapuloteni magalamu 2, faiba magalamu 2. Ali ndi vitamini K, folate, potaziyamu ndi ayironi pang'ono. Ndi ndiwo yabwino, yopepuka, yosanenepetsa. Zimenezi n'zoona ndipo palibe chifukwa chozibisira.

Chimene munthu amayamba kuona akadya ndi fungo la mkodzo. Pakangotha mphindi 15 mpaka 30, mkodzo umanunkha mwachilendo, fungo lamphamvu la sulufule. Limachokera ku asidi wina amene amapezeka mu asparagus, wotchedwa asparagusic acid, amene thupi limamuphwanya n'kutulutsa timpweya tonunkha. Anthu ena salimva fungoli ngakhale litakhalapo, chifukwa mphuno zawo mwachibadwa sizilizindikira. Silimavulaza, ndipo limatha lokha tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Koma apa m'pamene ambiri amasokonezekera: amati fungolo ndi poizoni amene akutuluka, umboni woti impso zikutsukidwa. Ayi ndithu. Chimene chikutuluka ndi chimene mwadya chomwecho. Impso zabwino zimasefa magazi usana ndi usiku popanda chomera chilichonse chozitsuka, ndipo impso zodwala zimafunika dokotala.

Chachiwiri ndi mpweya m'mimba. Asparagus ali ndi mtundu wa faiba umene thupi lathu siligaya, koma tizilombo tabwino ta m'matumbo timaudya n'kuchulukana. Zimenezi n'zothandiza, ngakhale kuti ena amatupidwa nazo. Faiba yomweyo ili mu anyezi ndi adyo, zimene timaika m'ndiwo tsiku lililonse.

Mayi woyembekezera ndi folate

Pa zonse zimene asparagus amatchukira, folate ndiyo yaikulu, ndipo ndi pamene ndikufuna tichedwepo. Folate ndi vitamini wa m'gulu la B amene thupi limagwiritsa ntchito popanga maselo atsopano ndi magazi. Kwa mwana amene ali m'mimba, msana ndi ubongo zimaumbika n'kutsekeka mkati mwa masiku 28 chitengere pathupi, nthawi imene amayi ambiri amakhala asanadziwe n'komwe kuti aima. Folate akachepa pa masiku amenewo, mwana akhoza kubadwa ndi msana wosatsekeka bwino, vuto limene madokotala amati spina bifida. Munthu wamkulu amafunika mamayikologalamu 400 pa tsiku, ndipo woyembekezera amafunika oposa pamenepo.

Tsono tiyeni tiyeze. Matebulo a zakudya a boma la America amaika folate wa asparagus pakati pa mamayikologalamu 50 ndi 150 pa magalamu 100, malinga ndi kuti wayezedwa wosaphika kapena wowiritsa. Ndi wochuluka ndithu poyerekeza ndi kabichi. Koma matebulo omwewo amati kayera wophika ali ndi pafupifupi 130. Khobwe wophika, amene ambiri kuno timangoti nyemba, ali ndi pafupifupi 200. Nsawa zosakazinga zili ndi 240. Bonongwe wosaphika ali ndi 85, therere 60. Mayi wa ku Chadiza kapena ku Chipangali amene wadya nsima ndi bonongwe wotendera masana, madzulo n'kudya kayera, wapeza folate woposa amene mayi wa m'tauni angapeze m'kamtolo kamodzi ka asparagus kamene wagula kamodzi pa mwezi. Ndipo kayera ndi nsawa zikumuonjezeranso mapuloteni ndi mphamvu zimene asparagus ali nazo zochepa chabe. Nsawa zokha zili ndi mapuloteni pafupifupi magalamu 25 pa magalamu 100.

Chigawo chathu cha Kum'mawa ndicho chimalima nsawa zambiri m'Zambia muno, ndipo pafupi pomwepa pa Msekera akatswiri akhala akufufuza mbewu za nsawa kwa zaka zambiri. Zimandipweteka mtima kuona banja likugulitsa nsawa zonse kwa ogula a pamsewu mu June, n'kutsala likudya ndiwo zamadzi okhaokha chaka chonse, pamene mayi wa m'nyumbamo ali ndi pakati. Thumba limodzi losungidwa chifukwa cha nsinjiro lingasinthe zambiri. Chenjezo lake ndi limodzi: nsawa za chuku, zofota, zosintha mtundu kapena zowawa zimakhala ndi poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi, ndipo kukazinga kapena kuphika sikumamuchotsa. Zimenezo ndi zotaya, osati zosinja kuti zikabisale m'ndiwo. Zambiri zimene zimasinjidwa n'kugulitsidwa m'timapulasitiki zimakhala zotsala posankha, choncho ngati n'kotheka sankhani nokha nsawa zathunthu n'kukasinja kunyumba.

Ngakhale zili choncho, kaya ndi asparagus kaya ndi kayera, palibe ndiwo imene ingalowe m'malo mwa timapiritsi ta kusikelo. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti mayi woyembekezera azimwa mamayikologalamu 400 a foliki asidi, amene ndi folate wa m'mapiritsi, pamodzi ndi ayironi wa mamiligalamu 30 mpaka 60 tsiku lililonse. Timapiritsi timeneti timaperekedwa m'makiliniki a boma. Amayi ena amatisiya chifukwa timawachititsa mseru kapena kudetsa chimbudzi. Mukaona choncho auzeni anamwino, mwina angakusinthireni nthawi yomwera, koma musatisiye mwakachetechete. Ndipo amene akukonzekera kutenga pakati ayambe kufunsa za foliki asidi asanaime, chifukwa masiku 28 aja sadikira tsiku loyamba la sikelo.

Magazi, maso ndi mafupa

Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2018 anapeza kuti ana 58 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Zambia anali ndi magazi ochepa, amayi a msinkhu wobereka 31 pa 100 alionse chimodzimodzi, ndipo ana 35 pa 100 alionse anali opinimbira. Amenewa ndiwo mavuto enieni a m'nyumba zathu, ndipo ndiwo iliyonse tiyenera kuiyeza ndi muyezo umenewu.

Pa ayironi, asparagus, bonongwe ndi chiwawa zikufanana: pafupifupi mamiligalamu 2 pa magalamu 100 osaphika. Kusiyana kuli pa vitamini C, amene amathandiza thupi kuyamwa ayironi wa m'zomera. Asparagus ali ndi mamiligalamu osakwana 6, therere 23, bonongwe 43, ndipo mpiru uli pamwamba pa zonsezi. Pa vitamini A, wothandiza maso ndi chitetezo cha thupi, bonongwe amaposa asparagus pafupifupi kanayi, kholowa kuposanso pamenepo, ndipo mbatata yofiira mkati ili patsogolo kwambiri. Pa kashiamu wa mafupa ndi mano, asparagus ali ndi mamiligalamu 24, therere 82, bonongwe 215, ngakhale kuti gawo lina la kashiamu wa bonongwe thupi sililitenga chifukwa cha mchere wina wachibadwa wotchedwa oxalate.

Choncho bonongwe, amene amamera yekha pa khola la ng'ombe ndi padzala, amene ena amamunyoza kuti ndi ndiwo ya amphawi, akupambana pafupifupi pa mzere uliwonse. Ine ndikanapatsidwa mwayi wosankha ndiwo imodzi yokha ya mwana wa zaka ziwiri, ndikanasankha bonongwe wotendera mosakayika. Wapadzala pafupi ndi chimbudzi kapena m'mbali mwa ngalande za m'tauni yekha ndiye musatchole. Fesani wanu pakhomo, amakhwima pakangotha milungu itatu kapena inayi.

Chigwada chili ndi mapuloteni ambiri kuposa masamba ena onsewa, koma chili ndi lamulo lake. Masamba a chinangwa ali ndi poizoni wa cyanide, amene amachoka pokhapokha atasinjidwa bwino mumtondo n'kuwiritsidwa nthawi yaitali mphika uli wosavundikira. Chimenechi ndicho chokha chimene sitiyenera kufupikitsa pamoto. Luni ndi chisoso nazonso ndi ndiwo zamphamvu, ndipo kuwawa kwake sikutanthauza kuipa.

Komabe tinene zoona: ayironi wa m'masamba thupi limatenga wochepa chabe. Kapenta, mazira, chiwindi, nyama ya nkhuku ngakhale pang'ono pambali pa masamba zimathandiza kwambiri. Tiyi womwera pa nsima kapena mukangotha kudya amatsekereza ayironi, choncho ndi bwino kumusiya papite ola limodzi kapena awiri. Ndipo mwana amene manja ndi zikope zayera afunika kuyezedwa malungo ndi njoka za m'mimba, chifukwa ziwirizi zimamaliza magazi mofulumira kuposa mmene ndiwo ingawabwezere.

BP ndi impso

Asparagus amatamandidwa kuti amatsitsa BP chifukwa ali ndi potaziyamu ndipo alibe mchere. Zonse ziwiri n'zoona kwa watsopano: potaziyamu pafupifupi mamiligalamu 200, sodiyamu, amene ndi gawo la mchere limene limakweza BP, mamiligalamu 2 okha pa magalamu 100. Koma therere lili ndi potaziyamu pafupifupi 300, nthochi 350, chiwawa 430, bonongwe 600. Pamenepa palibe mpikisano.

Chimene chimakweza BP m'nyumba zathu si kusowa kwa masamba achilendo, koma dzanja limene limathira mchere. World Health Organization imati munthu asapitirire magalamu 5 a mchere pa tsiku, kasupuni kakang'ono kamodzi, kuphatikiza wa m'ndiwo, wa mu buledi, wa m'timakyubu tokometsera, wa m'soseji ndi wa nsomba zouma. Ambiri a ife timathira mumphika, n'kuikanso kambale ka mchere pambali pa nsima. Munthu amene wachotsa kambale kameneka wachitira mtima wake zabwino zoposa amene wagula asparagus. Wa m'chitini ndiye woipirapo kwa odwala BP, chifukwa amasungidwa m'madzi amchere ndipo sodiyamu wake amatha kufika mamiligalamu 280 pa magalamu 100. Ngati mwamugula, tayani madzi ake ndi kumutsukuluza.

Zoti amachulukitsa mkodzo zinanenedwa kalekale ndi azitsamba a ku Ulaya, koma mphamvu yake pa zimenezi ndi yochepa ndipo sangalowe m'malo mwa mapiritsi amene dokotala anakulemberani. Amene miyendo ikutupa apite kuchipatala, chifukwa kutupa kungachokere ku mtima, ku impso, ku chiwindi, kapena kwa woyembekezera ku BP yoopsa ya pakati.

Pali magulu atatu a anthu amene ayenera kusamala, ndipo kusamala kwake kukukhudza ndiwo zathu kuposa asparagus. Amene impso zawo zinafooka amalephera kutulutsa potaziyamu, ndipo akachuluka m'magazi amasokoneza kugunda kwa mtima. Amenewa afunse kuchipatala kuchuluka kwa masamba ndi nthochi kumene angadye. Amene amamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, adziwe kuti vitamini K amalimbana ndi mankhwalawa. Asparagus ali ndi mamayikologalamu 40 mpaka 50, kholowa pafupifupi 300, bonongwe oposa 1,000. Sikuti aleke masamba ayi, koma azidya mlingo wofanana mlungu ndi mlungu ndi kuwauza madokotala zimene amadya. Amene anadwalapo timiyala ta mu impso achepetseko bonongwe ndi therere chifukwa cha oxalate uja, ndipo azimwa madzi ambiri, makamaka mu October dzuwa likamawotcha.

Odwala ena a gauti, matenda otupitsa ndi kuwawitsa molumikizana mafupa, amaletsedwa asparagus chifukwa ali ndi purine, chinthu chimene thupi limachisandutsa asidi woyambitsa matendawa. Kafukufuku wamkulu wa ku America wofalitsidwa mu 2004 anaonetsa kuti purine wa m'masamba sanakweze chiopsezo cha matendawa. Zimene zinakweza ndi nyama ndi zakudya za m'nyanja. Mowa nawonso umadziwika kuti umaiputa.

Shuga ndi kudzimbidwa

Apa therere ndilo limaima patsogolo. Lili ndi faiba magalamu 3 pa 100, kuposa asparagus, ndipo kuterera kwake ndi faiba yosungunuka imene imachedwetsa chakudya kulowa m'magazi ndi kufewetsa chimbudzi. Kwa munthu wa shuga, masamba alionse, kaya asparagus kaya repu, amathandiza m'njira imodzi yaikulu: amadzaza mbale ndi mimba kuti mitanda ya nsima ichepe. Amene wadya mitanda itatu ya ufa woyera ndi timphukira tiwiri ta asparagus sanapindule kanthu. Amene wadya mtanda umodzi wa mgaiwa, ndi ndiwo zamasamba zodzaza theka la mbale ndi kayera pambali, ndiye wagwira njira.

Chizolowezi chonyika therere m'madzi usiku n'kumwa m'mawa chafala kwambiri. Madziwo si oipa, koma si mankhwala a shuga, ndipo kafukufuku wina wa pa makoswe anaonetsa kuti kuterera kwa therere kumachepetsa metformin, mankhwala a shuga, amene amalowa m'thupi. Choncho musamwere mapiritsi anu madzi amenewa, ndipo musasiye mapiritsi chifukwa cha iwo.

Za khansa ndinene mwachidule. Uthenga woti kumwa asparagus wopera kawiri pa tsiku kumachiza khansa wakhala ukuzungulira kwa zaka zambiri, ndipo palibe umboni wa zachipatala wouikira kumbuyo. Mu 2018 munabukanso mphekesera yotsutsana nayo, yoti asparagus amafalitsa khansa ya m'mawere, chifukwa cha kafukufuku wa pa mbewa wokhudza asparagine, kachigawo kena ka mapuloteni. Asparagine ameneyu anapezedwa koyamba mu madzi a asparagus mu 1806 ndi akatswiri awiri a ku France, Vauquelin ndi Robiquet, koma amapezeka mu nyama, mkaka, mazira, mbatata ndi nsawa, ndipo thupi lathu limapanga wakewake. Mayi amene wamva chotupa m'bere, kapena amene sanayezetsepo khomo la chiberekero, apite ku Chipata Central Hospital, ku St Francis ku Katete kapena ku kiliniki yapafupi. Mwezi uliwonse umene watayidwa pa zakumwa za pa WhatsApp ndi mwezi umene matenda akukula.

Mumphika ndimo timatayira zambiri

Manambala ambiri amene ndatchula ndi a masamba asanalowe mumphika, ndipo apa m'pamene asparagus amatiposa, osati chifukwa cha chomera koma chifukwa cha kaphikidwe. Amene amamudya amathyola tsinde lolimba, n'kuwiritsa mphindi 3 mpaka 5 zokha kapena kukazinga pang'ono ndi anyezi, n'kuphula adakali wobiriwira ndi wokhuthala pakamwa. Mavitamini ambiri amatsalamo. Ife chiwawa chathu timachisadzula, kuchiduladula, kuchitsuka chitadulidwa kale, kuchimiza m'madzi ambiri, kuthiramo soda kapena chidulo kuti chifewe ndi kubiriwira, n'kuchisiya pambaula mpaka chitasanduka phala. Ena amakhetsa madzi oyamba n'kutaya.

Folate ndi vitamini C zimasungunuka m'madzi ndipo zimafa ndi moto wautali. Soda ndi chidulo zimaphanso vitamini C ndi thiamine, vitamini wina wa m'gulu la B, mofulumira. Ndikudziwa kuti therere lopanda soda ambiri sangalilandire, ndipo agogo athu anatiphunzitsa choncho pofuna kusunga nkhuni ndi kufewetsa masamba okhwima. Sindikunena kuti tisiyiretu. Koma therere likakhala lanthete, lodulidwa mopyapyala ndi kupakasidwa bwino, limaterera lokha ndi soda wa kunsonga ya supuni chabe. Chiwawa chanthete, bonongwe, kholowa ndi repu sizifuna soda n'komwe.

Njira imene imasunga zambiri ndi iyi. Tsukani masamba adakali athunthu, kenako dulani. Madzi akhale ochepa, ongokwanira kuti ndiwo zisapserere, ndipo ayambe awira masamba asanalowe. Vundikirani. Pakatha mphindi zochepa thirani matimati, anyezi ndi nsinjiro, ndipo msuzi wonse udyedwe, usatayidwe. Nsinjiro kapena kasaladi pang'ono n'zofunika, chifukwa vitamini A ndi vitamini K zimalowa bwino m'thupi pakakhala mafuta. Kutendera kumene anatisiyira makolo kumachita zinthu zitatu nthawi imodzi: kumaonjezera folate, kumaonjezera mapuloteni, ndipo kumathandiza thupi kutenga vitamini A wa m'masamba. Pa zonse zimene ndayerekeza pano, palibe chimene chikuposa mbale imeneyi pa mtengo wake.

Mlingo nawo ndi nkhani. World Health Organization imati munthu azidya magalamu 400 a masamba ndi zipatso pa tsiku, ndipo malangizo a kadyedwe amene boma la Zambia linatulutsa mu 2021 amalimbikitsanso masamba ndi zipatso zosiyanasiyana tsiku lililonse. Kambale kamodzi ka ndiwo kogawana anthu asanu ndi mmodzi sikafika pamenepo. Asparagus, chifukwa cha mtengo wake, amadyedwa timphukira tinayi kapena tisanu pa munthu. Ndalama yomweyo pa Kapata ingagule milu ya repu, therere ndi matimati yodyetsa banja masiku angapo.

Chilimwe: mfutso, chitini kapena makapisozi

Kuyambira August mpaka mvula yoyamba, amene alibe dimba amavutika. Asparagus watsopano sakhalitsa: amayamba kulimba ndi kutaya kutsekemera kwake pakangopita masiku ochepa atadulidwa, ndipo amafuna firiji, ataimikidwa m'kapu ya madzi pang'ono. Aliyense amene anaona mmene magetsi anazimira mu 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, akudziwa kuti firiji si yodalira.

Mfutso ndiwo yankho lathu lakale. Masamba a nyemba, chiwawa, khwanya kapena therere amawiritsidwa pang'ono, kuyanikidwa, n'kukulungidwa m'chikwatu kapena kusungidwa m'chidebe chotseka. Vitamini C wambiri amatayika poumitsa, koma ayironi, kashiamu, mapuloteni ndi faiba zimatsala, ndipo popeza madzi achoka, kadzanja kamodzi kamakhala ndi zambiri. Kuyanika pamthunzi podutsa mphepo, pathandala lokwera, kumasunga vitamini A ndi kubiriwira kuposa kuyanika padzuwa lamphamvu pansi pomwe nkhuku ndi fumbi zimafika. Ufa wa masamba a chammwamba wouma mwa njira yomweyi ndi wabwino kuthira m'phala la mwana. Pakati pa mfutso wotendera ndi asparagus wa m'chitini, amene ndi wofewa kwambiri, wamchere ndiponso wodula, ine ndingatenge mfutso.

Makapisozi ndi maufa olembedwa kuti ali ndi asparagus, amene amagulitsidwa ndi anthu oyendayenda kapena pa Facebook, ndiwo njira yoipa kuposa zonse. Faiba ndi madzi, zimene zimapangitsa ndiwo kukhala ndiwo, mulibe kwenikweni m'kapisozi, ndipo wogula sangadziwe zimene zaikidwamo. Woyembekezera, woyamwitsa, ndi amene ali pa ma ARV kapena mankhwala a BP ndi shuga asamwe zoterezi asanafunse kuchipatala.

Nanga amene ali nazo ndalama ndipo akungofuna kulawa? Agule ndithu, ndi ndiwo yokoma, ndipo kusinthasintha zakudya n'kwabwino. Sankhani mphukira zowongoka, zolimba, za mitu yotsekeka, zosafota kutsinde, ndipo muphike tsiku lomwelo kapena lotsatira.

Kwa mlimi amene akuganiza zomulima

Alimi a m'madimba a ku Kasenengwa, Katete ndi m'mbali mwa Lutembwe amadziwa mmene mtengo wa repu ndi matimati umagwera aliyense akakolola nthawi imodzi, choncho n'zomveka kuti ena akuyang'ana mbewu yachilendo. Asparagus ali ndi ubwino umodzi waukulu: akabzalidwa kamodzi amapatsa zaka 15 kapena kuposa. Koma zaka ziwiri kapena zitatu zoyambirira simudula kanthu kogulitsa, mumangothirira, kupalira ndi kuthira manyowa kuti mizu ikule. Repu amayamba kutcholedwa pakatha mwezi ndi theka, therere miyezi iwiri. Banja limene ndalama za sukulu zimachokera m'dimba silingapereke malo ambiri kwa mbewu yodikira chonchi.

Amafuna nthaka yakuya, yamchenga wosakanikirana ndi manyowa, yosasunga madzi. Pansi pa dambo pamene madzi amaima kuyambira January mpaka March mizu yake imaola. Amafunanso nyengo yopuma: kumayiko ozizira chisanu ndicho chimamugoneka, ndipo kumadera otentha monga m'chipululu cha Peru alimi amamugoneka poleka kuthirira kwa kanthawi, n'kudula zitsamba zouma asanayambenso kuthirira. Nyengo yokolola ikafika amadulidwa ndi manja tsiku lililonse, chifukwa kukatentha mphukira imakula masentimita angapo pa tsiku ndipo ikatseguka mutu yatha ntchito. Zitsamba zazikazi zimabala tizipatso tofiira timene sitidyedwa ndipo tingapweteke mimba ya ana.

Ogula ake kuno ndi ochepa: mahotela a m'tauni, malo ogona alendo a ku Mfuwe pafupi ndi South Luangwa, ndi masitolo a ku Lusaka amene amafuna katundu wozizira, wofanana kukula, wobwera pa nthawi yake. Amene mtima wake uli pamenepa ayambe wakambirana ndi wogula, afunsenso alangizi a zaulimi a m'dera lake za mbewu yoyenera nyengo yotentha, kenako ayesere mizere iwiri kumtunda kwa dimba, kumene madzi saima, mabedi enawo akupitirizabe repu, bonongwe ndi therere.